Mankhwala a matenda a misala amagwiranso pa sigma mu ubongo

Mankhwala a haloperidol, omwe ndi amodzi mwa mankhwala odalirika pochiza matenda a misala m'zipatala za m'dziko muno komanso m'maiko ena ambiri, sagwira malo amodzi okha akalowa mu ubongo wa munthu.

Kwa zaka zoposa 40 tsopano, akatswiri a zamankhwala akhala akudziwa kuti kupatula kutseka njira ya dopamine, komwe kumachepetsa zizindikiro za matendawa, mankhwalawa amakakamiranso mwamphamvu pa puloteni ina yotchedwa sigma, yomwe ntchito yake idayamba kumveka bwino m'chaka cha 2007.

Funso lomwe lakhala likuzunguza mitu ya akatswiriwa ndi lakuti kodi kugwira pa sigma kumathandiza wodwala kuchira, kumamubweretsera zovuta monga kupindika khosi, kapena kulibe gawo lililonse pa zonsezi.

Nkhaniyi si ya m'zipinda zofufuzira zokha. M'chaka cha 2022, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidati anthu pafupifupi 24 miliyoni, kapena kuti munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, anali ndi matenda a schizophrenia, omwe amachititsa munthu kumva mawu a anthu omwe palibe, kuona zideruderu ndi kukhulupirira zinthu zomwe sizoona.

Kuno ku Malawi, odwala ambiri omwe amalandira thandizo pa chipatala cha Zomba Mental, cha St John of God ku Mzuzu ndi m'zipatala za m'maboma amapatsidwa haloperidol, chlorpromazine kapena jakisoni wa fluphenazine. Onse atatuwa amagwira pa sigma, ngakhale kuti mphamvu zake zimasiyana.

Momwe uthenga umayendera mu ubongo

Ubongo wa munthu uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni otumiza ndi kulandira uthenga. Maselowa sagundana. Pakati pa selo lina ndi linzake pali kampata kakang'ono kwambiri, ndipo uthenga umaoloka kampatako kudzera mu timadzi tomwe selo lotumiza limatulutsa. Dopamine ndi ena mwa timadziti.

Tsidya lina la kampatako kuli zolandirira uthenga, zomwe pa Chingerezi amazitcha ma receptor. Cholandirira chilichonse chili ngati loko amene amatseguka ndi kiyi wake yekha.

Mankhwala ena amafanana ndi kiyi weniweni moti akalowa amatsegula lokoyo. Amenewa ndi mankhwala odzutsa. Ena amalowa pa bowo la kiyi koma osatembenuka, ndipo amatsekereza kiyi weniweni kuti asalowe. Amenewa ndi mankhwala otseka.

Mankhwala oyamba a matenda a misala adapezeka anthu asanadziwe loko amene amamutseka. Chlorpromazine, yemwe ambiri amamudziwa ndi dzina la Largactil, adapangidwa ku France m'chaka cha 1950, ndipo mu 1952 madotolo awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, adaonetsa pa chipatala cha Sainte-Anne mu mzinda wa Paris kuti amakhazika pansi odwala omwe kale ankangotsekeredwa m'zipinda.

Haloperidol adapangidwa mu 1958 ndi kampani ya Paul Janssen m'dziko la Belgium.

Mu 1963, katswiri wa ku Sweden, Arvid Carlsson, yemwe adadzalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2000, adapeza umboni woyamba wosonyeza kuti mankhwalawa amatsekereza uthenga wa timadzi ta gulu la dopamine.

Mu 1976, magulu awiri a akatswiri, lina lotsogozedwa ndi Philip Seeman ku Toronto ndipo lina ndi Solomon Snyder ku Baltimore, adaonetsa kuti mankhwala akamakakamira kwambiri pa cholandirira cha dopamine, chomwe lero chimatchedwa D2, mlingo wofunika kuti wodwala apeze bwino umakhala wochepa. Ichi n'chifukwa chake mamiligalamu ochepa a haloperidol amagwira ntchito yomwe imafuna mamiligalamu mazana a chlorpromazine.

Kafukufuku wojambula ubongo yemwe Shitij Kapur ndi anzake adafalitsa ku Toronto m'chaka cha 2000 adasonyeza kuti wodwala amayamba kupeza bwino haloperidol akatseka magawo oposa 65 pa magawo 100 a D2, pomwe kuuma thupi ndi kunjenjemera kumachuluka akatseka magawo oposa 78.

Malire apakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza ndi ochepa chotero. Apa ndi pomwe nkhani ya sigma imalowera, chifukwa si zovuta zonse zomwe akatswiri adakhutira kuti dopamine yokha ingazilongosole.

Dzina lidachokera pa agalu

Dzina loti sigma lidabadwa mu 1976 mu mzinda wa Lexington, m'chigawo cha Kentucky ku America, komwe William Martin ndi anzake ankafufuza momwe mankhwala opha ululu a gulu la morphine amagwirira ntchito m'thupi la agalu.

Iwo adaona kuti mankhwala atatu ankabweretsa zizindikiro zosiyana, ndipo adaganiza kuti pali zolandirira zitatu. Chilichonse adachitcha dzina la chilembo cha Chigiriki chogwirizana ndi chilembo choyamba cha mankhwala ake: mu kuchokera ku morphine, kappa kuchokera ku ketocyclazocine, ndi sigma kuchokera ku mankhwala otchedwa SKF-10,047.

Agalu omwe adabayidwa SKF-10,047 ankapuma mofulumira, mtima kuthamanga, mboni za m'maso kukula, ndipo ankaoneka obalalika mutu. Mankhwala a mtunduwu adali atadziwika kale kuti amachititsa anthu ena kuona zideruderu. Kuchokera pomwepo, dzina la sigma lidayamba kuyendera limodzi ndi nkhani ya misala.

Koma mu 1982, Tsung-Ping Su adapeza mu ubongo wa mbira malo omwe SKF-10,047 amamatirapo, omwe sankatsekedwa ndi naloxone, mankhwala omwe amatseka zolandirira zonse za gulu la morphine. Izi zidasonyeza kuti malowa sali m'banja la morphine monga momwe anthu ankaganizira.

Mu 1984, William Tam ndi Leonard Cook adaonetsa kuti haloperidol ndi SKF-10,047 amalimbirana malo amodzimodziwo. Kuyambira nthawi imeneyo haloperidol adasanduka chida chomwe akatswiri ankagwiritsa ntchito pozindikira sigma.

Kwa zaka zingapo sigma inkasokonezedwanso ndi malo omwe mankhwala ozunguza bongo a PCP amagwirapo, omwe ali pa cholandirira china chotchedwa NMDA. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zidadziwika kuti awa ndi malo awiri osiyana, ndipo haloperidol ndiye adathandiza kuwasiyanitsa popeza amakakamira pa sigma koma osati pa malo a PCP.

Mu 1990, Susan Hellewell ndi Wayne Bowen a pa yunivesite ya Brown adapeza kuti sigma ilipo mitundu iwiri, yomwe idatchedwa sigma-1 ndi sigma-2.

Phungu wa mapuloteni m'kati mwa selo

Chodabwitsa chachikulu chidadza mu 1996 pomwe akatswiri a ku Innsbruck m'dziko la Austria adakwanitsa kuwerenga kapangidwe ka sigma-1 yomwe adaichotsa m'chiwindi cha mbira. Adapeza kuti ndi puloteni yaing'ono ya tizidutswa 223 ta amino acid, yosafanana ndi cholandirira china chilichonse chodziwika mu ubongo. Yomwe inkafananako nayo idali puloteni ina ya mu yisiti yothandiza kupanga mafuta a m'khungu la selo.

Kusiyana kwina n'kwakuti pomwe D2 imakhala pa khungu la selo kudikira uthenga wochokera kunja, sigma-1 imakhala kwambiri m'kati mwa selo.

M'selo lililonse muli chipala chosulira mapuloteni chotchedwa endoplasmic reticulum, komanso ting'anjo topanga mphamvu totchedwa mitochondria. Mu 2007, Teruo Hayashi ndi Tsung-Ping Su a ku Baltimore adaonetsa kuti sigma-1 imakhala pamalo pomwe ziwirizi zimakumana.

Ntchito yake tingaiyerekeze ndi ya phungu wa namwali, yemwe amaperekeza ndi kuteteza mwana pa nthawi yovuta kufikira atakhwima. Sigma-1 imagwiriziza mapuloteni ena kuti asapindike molakwika kapena kuonongeka msanga. Imodzi mwa mapuloteniwa ndi khomo lomwe kashiamu amadutsira kuchoka ku chipala kupita ku ting'anjo, ndipo kashiamu ameneyu ndiye amakoleza ntchito yopanga mphamvu.

Selo likakhala pa mtendere, sigma-1 imakhala itagwirana ndi puloteni inzake yotchedwa BiP. Selo likapanikizika, kapena pakafika mankhwala odzutsa, ziwirizi zimasiyana ndipo sigma-1 imayamba ntchito yake. Imathanso kusamukira mbali zina za selo komwe imasintha kagwiridwe ntchito ka makomo a potaziyamu ndi sodiyamu komanso ka zolandirira za NMDA ndi dopamine.

Mwachidule, sigma-1 siyambitsa uthenga payokha. Imakweza kapena kutsitsa mphamvu ya uthenga womwe ulipo kale, makamaka selo likakhala pa mavuto.

Mu 2016, gulu la Andrew Kruse pa yunivesite ya Harvard lidaonetsa maonekedwe enieni a sigma-1, ndipo mu 2018 lidaonetsa momwe haloperidol amakhalira m'kathumba ka puloteniyi. Kathumbaka n'kotakasuka ndipo kamalandira mankhwala ambiri osungunuka m'mafuta. Ichi n'chifukwa chake zinthu zosiyana kwambiri monga cocaine, mankhwala a chifuwa a dextromethorphan ndi timadzi ta m'thupi ta progesterone zonse zimamatirapo.

Gulu lomweli lidapeza mu 2017 kuti sigma-2 ndi puloteni yotchedwa TMEM97, yomwe si m'bale wa sigma-1 ngakhale zimagawana dzina. Iyo imatenga mbali pa kayendedwe ka mafuta a cholesterol m'selo ndipo imachuluka m'maselo a khansa omwe akuswana msanga.

Umboni woti sigma-1 ndi yofunika pa moyo wa minyewa udapezeka mu 2011 pa banja lina ku Saudi Arabia, momwe ana obadwa ndi sigma-1 yolakwika ankadwala matenda ofoola minofu a ALS akadali aang'ono.

Si mankhwala onse omwe amagwira pa sigma

Mwa mankhwala a matenda a misala omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri, haloperidol ndiye amakakamira kwambiri pa sigma-1. Mphamvu yomwe amagwirira pamenepo ndi yofanana ndi yomwe amagwirira pa D2, ndipo amagwiranso pa sigma-2. Pa sigma-1 amaonedwa ngati mankhwala otseka.

Fluphenazine, perphenazine, trifluoperazine ndi chlorpromazine nawo amagwirapo koma mocheperapo. Clozapine, olanzapine, risperidone ndi sulpiride amagwirapo pang'ono kwambiri moti pa mlingo womwe odwala amamwa sigma imakhala pafupifupi yosakhudzidwa.

Kafukufuku waung'ono wojambula ubongo yemwe adachitika ku Tokyo ndi kufalitsidwa mu 2006 adatsimikiza kuti izi zimachitikadi mwa munthu wamoyo. Anthu athanzi omwe adamwa mamiligalamu atatu okha a haloperidol adapezeka kuti gawo lalikulu la sigma-1 mu ubongo wawo lidali litagwidwa ndi mankhwalawo.

Chinanso n'chakuti haloperidol akafika m'chiwindi, gawo lina limasandulika chinthu china chomwe akatswiri amachitcha reduced haloperidol. Chinthuchi chimataya mphamvu yake yambiri pa D2 koma chimasunga mphamvu yake pa sigma. Kafukufuku wa pa mbira adasonyeza kuti chimatha kufooketsa sigma-1 kwa masiku angapo mankhwala atatha m'magazi.

Izi zidathandiza kumasulira zomwe zidapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pomwe akatswiri poyeza ubongo wa anthu omwe adamwalira akudwala schizophrenia adapeza sigma yochepa. Ena adafulumira kunena kuti kuchepako ndi gwero la matendawa, koma zidaoneka kuti kuchepaku kudali kwakukulu mwa omwe ankamwa haloperidol. Zomwe zinkaoneka ngati phazi la matenda zidali phazi la mankhwala.

Mfundo yofunika kwambiri pa mndandandawu ndi ya clozapine. Mankhwalawa ndi omwe amathandiza odwala omwe mankhwala ena onse alephera, chonsecho sagwira pa sigma mwamphamvu. Izi zikusonyeza kuti kutseka sigma si chinthu chofunikira kuti zizindikiro za misala zichepe.

Kupindika khosi ndi kutembenuka maso

Gawo lomwe sigma yakhala ikuganiziridwa kwambiri ndi la zovuta za kayendedwe ka thupi zomwe mankhwalawa amabweretsa.

Vuto loopsa kuliona ndi lomwe madotolo amalitcha acute dystonia. Minofu imakokana mwadzidzidzi, khosi limapindikira mbali imodzi, nsagwada zimauma, lilime limatuluka kapena kulemera, ndipo maso amatembenukira m'mwamba. Kawirikawiri izi zimachitika m'masiku asanu oyambirira munthu atayamba mankhwala kapena mlingo utakwezedwa, ndipo zimagwa kwambiri anyamata ndi abambo achichepere.

Achibale omwe sadachenjezedwe amaganiza kuti wodwala wagwa khunyu, matenda akula kapena walodzedwa. Ena amamusiyitsa mankhwala ndi kupita naye kwa sing'anga, ndipo pakapita masabata kapena miyezi matenda amabwereranso.

Sigma imapezeka yambiri m'mbali za ubongo zoyendetsa minofu ya nkhope, lilime, maso ndi khosi, zomwe ndi ziwalo zomwezo zomwe vutoli limagwira.

Mu 1988, Michael Walker, Rae Matsumoto ndi anzawo a pa yunivesite ya Brown adathira timadontho ta mankhwala pa kachigawo ka ubongo wa makoswe kotchedwa red nucleus, komwe kali ndi sigma yambiri koma zolandirira za dopamine zochepa. Haloperidol ndi mankhwala ena ogwira pa sigma adapinditsa makosi a makoswewo, pomwe clozapine ndi sulpiride sadatero.

M'chaka cha 2000, Matsumoto ndi mnzake adafalitsanso zotsatira zosonyeza kuti mankhwala omwe amakakamira kwambiri pa sigma ndi omwenso amadziwika ndi kupinditsa khosi mwa anthu.

Ngakhale zili choncho, umboniwu sudathetse nkhani. Mankhwala omwe amagwira mwamphamvu pa sigma ambiri mwa iwo amagwiranso mwamphamvu pa D2, choncho n'kovuta kulekanitsa mlandu wa ziwirizi mwa munthu wamoyo.

Risperidone, yemwe sagwira kwenikweni pa sigma, amaumitsa thupi ndi kupinditsa khosi mlingo ukakwera. Kuonjezera apo, kukokana kwa minofuku kumatha msanga wodwala akapatsidwa mankhwala a gulu la benzhexol, omwe ambiri amawadziwa kuti Artane, omwe ntchito yake yaikulu ndi kutseka timadzi tina totchedwa acetylcholine. Izi zikugwirizana ndi mfundo yakale yoti dopamine ikatsekedwa kwambiri, acetylcholine amaposa mlingo ndipo minofu imakokana.

Malinga ndi umboni womwe ulipo, kutseka D2 mopitirira ndiye gwero lalikulu la zovutazi, pomwe sigma ikhoza kukhala yongoonjezera moto.

Mankhwala omwe sadaphule kanthu

Njira yachidule yoyesera ngati sigma imachiza misala idali kupanga mankhwala ogwira pa sigma koma osatseka dopamine. Makampani angapo adaika ndalama zambiri pa ntchitoyi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ali ndi chiyembekezo chopeza mankhwala osaumitsa thupi.

Rimcazole wa kampani ya Burroughs Wellcome adathandiza odwala ochepa chabe ndipo ena adakomoka ngati akhunyu mlingo utakwera. BMY-14802 wa kampani ya Bristol-Myers sadaumitse thupi, koma zotsatira zomwe zidafalitsidwa mu 1994 zidasonyeza kuti sadachepetsenso zizindikiro za matenda. Panamesine, yemwe adayesedwa ku Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, naye sadapitirire. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa mankhwalawa amene adafika pa msika.

Chiyembekezo chidadzukanso ndi roluperidone, yemwe amatseka sigma-2 pamodzi ndi cholandirira china cha serotonin. Cholinga chake sichidali kuthetsa mawu ndi zideruderu, koma zizindikiro zina zomwe mankhwala akale sazifikira, monga kusowa chidwi, kusalankhula, kudzipatula ndi kulephera kuyamba ntchito. Zizindikirozi ndi zomwe zimalepheretsa odwala ambiri kubwerera kumunda, kusukulu kapena kuntchito ngakhale mawu atasiya kumveka.

Kafukufuku wa odwala 244 adapereka zotsatira zolimbikitsa, koma wamkulu yemwe adatha mu 2020 sadafike pa mlingo womwe adauika. Mu February 2024, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidakana kuvomereza mankhwalawa ndipo lidapempha umboni wina.

Mankhwala oyamba a schizophrenia osatseka D2 adavomerezedwa ku America mu September 2024 ndi dzina la Cobenfy, koma sadachokere ku sigma. Iwo amadzutsa zolandirira za acetylcholine mu ubongo.

Phunziro la nthawi ya Covid-19

Sigma idatchukanso mu April 2020 pomwe gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Nevan Krogan wa ku San Francisco lidalengeza kuti mapuloteni ena a kachilombo koyambitsa Covid-19 amagwirana ndi sigma-1 ndi sigma-2, ndipo kuti mankhwala ogwira pa sigma, kuphatikizapo haloperidol, ankalepheretsa kachilomboka kuswana m'maselo a m'mbale zofufuzira.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2021, akatswiri a mu mzinda womwewo adapeza kuti mphamvu ya mankhwalawa pa kachilombo sinkayendera limodzi ndi mphamvu yawo pa sigma. Chomwe chinkachitika n'chakuti mankhwalawo ankaunjikana m'maselo ndi kusokoneza mafuta a m'kati mwake, zomwe zinkalepheretsa kachilombo m'mbale koma osati m'thupi la nyama yamoyo.

Kuunika kwa odwala Covid-19 m'zipatala za ku Paris nako sikudapeze phindu lililonse mwa omwe ankalandira haloperidol.

Phunziro lake n'lakuti kupeza kuti mankhwala amamatira pa puloteni inayake sikutanthauza kuti puloteniyo ndi yomwe ikubweretsa zotsatira zomwe zikuoneka.

Komwe chidwi chalunjika tsopano

M'zaka zaposachedwa chidwi cha akatswiri chasamuka kuchoka pa kutseka sigma-1 kupita pa kuidzutsa, popeza ntchito yake ndi kuteteza selo lopanikizika.

Fluvoxamine, mankhwala a matenda okhumudwa, amadzutsa sigma-1 kuposa anzake a gulu lomwelo. Mu August 2022, FDA idavomereza mankhwala osakaniza dextromethorphan ndi bupropion pochiza matenda okhumudwa, ndipo kudzutsa sigma-1 ndi imodzi mwa ntchito zake, ngakhale amagwiranso pa NMDA.

Pridopidine, yemwe adapangidwa poyamba ngati mankhwala okhazikitsa dopamine, adapezeka pambuyo pake kuti amagwira kwambiri pa sigma-1. Kafukufuku wake wamkulu pa matenda a Huntington sadakwaniritse cholinga chake chachikulu mu 2023.

Izi zadzutsa funso lina lokhudza haloperidol: ngati kudzutsa sigma-1 kumateteza maselo, kodi kuitseka kwa zaka zambiri kumawaika pa chiopsezo? Kafukufuku wa m'mbale ndi wa pa nyama wapereka zizindikiro zina, koma palibe kafukufuku wa pa anthu yemwe watsimikiza kuti kuonongeka kulikonse kwa ubongo mwa odwala kumachokera pa sigma. Chodziwika bwino n'chakuti matenda a misala akakhala nthawi yaitali osachizidwa, mwayi wochira bwino umachepa, ndipo kusiya mankhwala ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe matendawa amabwererera.

Zomwe odwala ndi owasamalira ayenera kudziwa

Pakadali pano palibe chipatala chomwe chimayeza sigma mwa wodwala, ndipo malangizo a WHO sasankha mankhwala a matenda a misala potengera sigma. Haloperidol akadali pa mndandanda wa bungweli wa mankhwala ofunikira omwe dziko lililonse liyenera kukhala nawo.

Chomwe chimateteza wodwala ku zovuta ndi kuyamba ndi mlingo wochepa, kukweza pang'onopang'ono ndi kuima pa mlingo wochepetsetsa womwe ukugwira ntchito. Mlingo ukapitirira malire sachira msanga, koma zovuta zimachuluka.

Wodwala akapindika khosi, kuuma nsagwada kapena kutembenuka maso, ayenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Vutoli limatha m'kanthawi kochepa akalandira mankhwala oyenera, ndipo dotolo akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala. Ngati akubanika popuma, ndiye kuti minofu ya kukhosi yakokana ndipo palibe nthawi yodikira.

Chimodzimodzinso wodwala yemwe watentha thupi kwambiri, wauma thupi lonse, akutuluka thukuta ndipo wasokonezeka, ayenera kuthamangira naye kuchipatala popeza zizindikirozi zikhoza kukhala za vuto losowa koma lakupha lobwera ndi mankhwalawa.

Yemwe wamwa mankhwala kwa zaka n'kuyamba kutafuna m'kamwa mulibe kanthu, kunyambita milomo kapena kutulutsa lilime mosafuna, auze dotolo msanga. Vuto limeneli ndi losiyana ndi kupindika khosi, ndipo benzhexol akhoza kulikulitsa m'malo molichepetsa.

Odwala asaonjezere mankhwala ena paokha pomva kuti amadzutsa sigma. Fluvoxamine, mwachitsanzo, amachedwetsa chiwindi kuchotsa clozapine, olanzapine ndi haloperidol m'magazi, moti mlingo wa mankhwalawa ukhoza kukwera kufika poopsa.

Koposa zonse, wodwala asasiye mankhwala popanda kukambirana ndi a zaumoyo, ngakhale akudzimva kuti wachira. Pafupifupi zaka 50 chipezekereni sigma, palibe mankhwala a schizophrenia odalira puloteniyi omwe avomerezedwa, ndipo thandizo lomwe odwala akulandira m'zipatala za m'dziko muno likudalirabe kutseka dopamine pa mlingo woyenera.